Nsapato za Mkamwini

Nkhani iyi ndinaimva kwa a Webster, ogulitsa nthochi pa Nyimba, tsiku lina basi ya ku Chipata itachedwa.

Amai Ezelina a ku Nyalugwe ndiwo ankanyamula mbendela ya amai a chigwilizano, ndipo chaka chimenecho msonkhano waukulu unali ku Nyimba. Vuto linali phazi. Chala chachikulu chinali chitapendekela pa zinzake, fupa la m'mbali litatukuka ngati kambatata, moti akavala nsapato za yunifomu ankayenda ngati akuponda makala.

Ku chipatala cha ku Petauke sanawabisile: chalacho sichidzawongoka, koma ululu ukhoza kuchepa. Azivala nsapato zotakata kutsogolo, aziika kansalu pakati pa zala, ndipo tsiku lililonse azitola njele za chimanga ndi zala za kuphazi.

Anayamba bwino. Koma pakhomo panali mkamwini, Conrad, wosoka nsapato, amene ankaswela pabwalo ndi singano yake. Apongozi atambalale, azitola chimanga ndi phazi ngati nkhuku, mkamwini akuona? Analeka.

Conrad anaona kutsimphinako. Pakuti phazi la apongozi sakhudza, anakayeza pamene apongoziwo anaponda m'matope a kuchitsime, nasoka nsapato zakuda zotakata, n'kupatsila mkazi wake Vivian.

"Amai, yesani chabe," anatelo Vivian.

"Ndivale zimenezo, mudzi wonse udziwe kuti amuna ako amalidziwa phazi langa? Kaziike uko."

Tsiku la msonkhano anakakamiza phazi m'nsapato zakale. Nyimbo inayamba, mbendela m'mwamba, koma asanafike ndi pamsika pomwe thukuta la ululu linali chuchuchu. Anapeleka mbendela kwa mai wina, nakhala pansi pa mango, nsapato m'manja, akumvetsela nyimbo yawo ikutalikila. Vivian anakhala pambali pawo. Nsapato zatsopano zija anali nazo m'chikwama, koma phazi linali litatupa kale, losalowa m'chilichonse.

A Webster anatseka ndi mwambi, akusenda nthochi: mbewa ya manyazi inafela kudzenje.

Mwina n'zoona. Koma ine ndagona m'midzi yambili, ndipo ndikukayika ngati anali manyazi okha. Amai aja analeledwa kuti ulemu wa pachipongozi umaposa phazi, ndipo sindidziwa ngati ineyo ndikanazivala.