Matenda Amene Anapha Amalume a Bwana

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo panali manijala, a Mkwapatira, amene ankadzitama kuti Chingerezi chonse anachimeza, moti ngakhale Azungu amafunsa iwo.

Lachisanu lina anaitana Chikadza, kalaliki wa pasikelo. "Mawa ukaumbe njerwa kunyumba kwanga. Ukakana, ntchito yatha."

Koma mawalo linali tsiku la chinkhoswe cha Chikadza. Apo anakumbukira liwu limene anawerenga patsamba la dikishonale yakale lomwe anamukulungiramo usipa kumsika. Anagwira pamimba, antchito onse akuona.

"Bwana, ndikanapita, koma ndili ndi collywobbles. Anzangawa sangaidziwe, koma inu ndiye simungachite kufunsa."

A Mkwapatira anayang'ana antchito aja, nabwerera m'mbuyo.

"Collywobbles! Ndi imene inapha amalume anga ku Mangalande! Choka msanga, ungatipatsire. Usaonekenso kuno mpaka Lolemba!"

Chikadza anakavina pachinkhoswe chake mpaka fumbi koboo.

Lolemba bwana anamanga mpango kumphuno, nasonkhanitsa antchito, naitanitsa namwino kuti awayeze onse. Namwinoyo atamva dzina la mliriwo anaseka mpaka misozi.

"Bwana, limeneli ndi liwu lakale la agogo a Azungu. Ndi kulira kwa m'mimba basi."

Chikadza anavula chipewa mwaulemu.

"Pepani bwana, za malirowo sitinamve. Koma kuti munthu achite kufa nako, ndiye kuti mimba ya amalume anuwo inkalira ngati chigayo."