Munthu amene anazula katope kuti abzale katope

Panali munthu wina mumzinda wina, wogwira ntchito kukhonsolo, amene ankakonda zinthu zoongoka. Akafuna kubzala chimanga ankayamba wakoka chingwe. Akafuna kumanga mpanda ankayamba wakoka chingwe. Ngakhale maluwa a pakhomo pake ankaima pamzere ngati ana asukulu m'mawa, ndipo pabwalo pake simukanapeza kaudzu ngakhale kamodzi. Anthu a m'deralo, amene sachedwa kupatsa munthu dzina, ankangomutcha a Chingwe. Musaseke. Ena mwa inu muli panonu ndinu otero, ndimakuonani.

Mkazi wake anali Nangozo, mayi wosalankhulalankhula. Zaka zingapo m'mbuyomo Nangozo anali woyembekezera, ndipo mwamuna wake anamugulira chitenje chatsopano cha nyenyezi zachikasu, choti adzaberekere mwana. Koma mwanayo anabadwa atafa kale. Mukudziwa mmene timachitira ndi nthayo. Salira maliro, sakhoma bokosi, ndipo mwamuna sapita nawo. Amayi akuluakulu anang'amba chitenje chija pakati, nakulunga kamwanako, natsika nako dzuwa lili paliwombo. Bamboyo anatsala pakhonde. Amayi aja atabwerako anasamba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye sanafunse kuti mwana wake amuika kuti, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse.

Kumunsi kwa dera lawo kunali dziwe limene khonsolo inakumba kalekale. Ntchito yake inali kulandira madzi a mvula ochokera m'ngalande za m'misewu, kuti ayambe apuma pamenepo asanatsikire kumtsinje, angakokolole nyumba za anthu. Koma dziwelo linaiwalika. Namasupuni anaphimba madzi onse. M'mbali munamera mitengo ya malaina ndi zitsamba zaminga zija za timaluwa tofiira, ndipo majumbo ndi mabotolo anatseka pakamwa pa ngalande. Achule analeka kulira. Munthu akadutsa pafupi masana ankangomva zii, ndi fungo la madzi oima.

Tsono mbali ya kumtunda ya dziwe limenelo, kuseri kwa minga, n'kumene amayi a m'deralo ankaika nthayo zawo. M'tauni mulibe manda a kumudzi kwanu, ndipo iwo ankafuna malo ozizira, obisika. Sankakumba mozama, paja amati ukakumba mozama watseka mimba ya mayi. Koma kadzenje kosaya pamalo otsetsereka mvula sichedwa kukafukula. Choncho pa kamanda kalikonse ankabzalapo katope, mtengo wa m'madambo mwathu umene mizu yake imagwira nthaka, ndipo mayi wa mwanayo akapeza mphamvu ankabwera kudzamangirirapo kansanza kuti azipadziwa. Nangozo nayenso anali ndi katope wake kumeneko. Amuna onse a m'deralo sankadziwa kanthu.

Chaka china akuluakulu a khonsolo anakumbukira dziwe lawo, ndipo ntchito yolikonza anaipereka kwa a Chingwe. Mkulu wa kuofesi anawauza kuti, "Chotsani zobwera zonsezi, namasupuni, malaina, minga. Mubzalemo zakwathu, bango, mlulu ndi katope. Zimenezo n'zimene zimasefa madzi ndi kugwira nthaka. Mbande tikutumizirani, koma mumalize mvula isanagwe."

Atafika kunyumba anauza mkazi wake mokondwa. Nangozo anati motsitsa mawu, "Abambo, mbali ya kumtunda ija muisiye mmene ilili."

"Ntchito ya khonsolo mwaiyamba liti, amayi?" anatero mwamunayo akuseka.



Ntchito anaigwira munthu uja, tisamunamizire. Anakoka namasupuni mpaka madzi anaonanso kumwamba. Anatema malaina, anatsegula ngalande, zinyalala anatuta ndi wilibala. Inali nthawi yotentha ija mvula ikayandikira, pamene ngakhale mphepo imaleka kuyenda. Tsiku lina panafika mbalame ija nantchengwa, naima m'matope. Sankadya, sankalira. Ankangomuyang'ana munthuyo akugwira ntchito, ndipo m'mawa uliwonse ankamupeza ataima pomwepo.

Kenako anafika mbali ya kumtunda. Atagwetsa minga anapeza kanjira kakang'ono kolowa m'kati, kopondedwa ndi mapazi opanda nsapato. Anakatsatira, ndipo anatulukira pakati pa mitengo ya katope. Ina inali yomufika m'chiuno, ina yomupitirira, ina yongoyamba kumene. Uliwonse unali ndi kansanza panthambi. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma pamenepo panali pozizira ngati m'chitsime, ndipo ngakhale phokoso la magalimoto a mumsewu silinkafika. Tinsanza tija tinkagwedezeka pang'ono chonsecho kunalibe mphepo. 

Munthu wina akanabwerera n'kukafunsa. Uyu anadziuza kuti nsanza zimabwera ndi mphepo, mitengo imabwera ndi mbalame. Anatulutsa chingwe chake, nakhoma zikhomo, nakoka mzere woyamba. Ndipo anaona kuti palibe mtengo ngakhale umodzi umene unali pamzere.

Akunola chikwanje, anaona amayi ataima panjira ya pamwamba, ena ndi mitolo ya nkhuni, ena akuchokera kuchigayo. Sanamupatse moni. Mmodzi wa iwo, Nasoko, wogulitsa makala pamphambano, anatsika pang'ono nati, "Bambo, mitengo imeneyo ili bwino pomwepo."

"Ili bwino bwanji, mayi, yongomera ngati tsitsi la wamisala? Ndibzala ina yoongoka. Mbande zafika kale m'machubu."

Nasoko anatsegula pakamwa, nayang'ana anzake, natsekanso. Nkhani ya nthayo sauza mwamuna, tsono akanayambira pati? Ineyo amayi amenewa ndimawakwiyira pang'ono, chifukwa mwambo unawamanga pakamwa pa tsiku limene anafunika kukuwa. Koma amene anali ndi chikwanje m'manja anali iyeyo, ndipo anali atachenjezedwa ndi mkazi wake komanso ndi mayi wa eni.

Anatema yonse. Zitsa anazula, nthambi anaunjika n'kutentha, nthaka anaisalaza ndi khasu mpaka inaoneka ngati pakhonde pozira. Kuzula katope kuti ubzale katope! Amayi aja anayang'ana utsi ukukwera, kenako anachoka mmodzimmodzi osatembenuka. Nantchengwa yekha ndiye anatsala.

Mtengo umodzi sanautenthe. Unali woongoka bwino, wokhala ndi mphanda kunsonga, ndipo anausenza kupita nawo kunyumba masana. Anapeza mkazi wake akuyanika zovala.

"Amayi, taonani mphanda yabwino yokwezera chingwe cha zovala."

Nangozo anayang'ana. Pamphandapo panali kansanza kozilala, khungwa litakameza theka, koma nyenyezi imodzi yachikasu inkaonekabe. Anaika beseni pansi pang'onopang'ono.

"Mtengo uwu mwaudula kapena mwauzula?"

"Ndazula ndi chitsa chomwe. Malo onse aja ndasalaza."

"Chitenje ichi munagula nokha, abambo," anatero Nangozo. "Theka lina lili pansi paja. Lafunda mwana wanu."

Munthu uja anaima ndi mtengo m'manja. Chakutali, kuseri kwa mapiri, mvula inagunda koyamba chaka chimenecho. Iye ankadziwa bwino kuposa wina aliyense kumene madzi a m'misewu yonse akadutse, chifukwa ngalande anazitsegula yekha. Madzi saiwala khwawa. Akatsika pa nthaka yosalala ija, yopanda muzu ngakhale umodzi, akafukula zonse zogona m'mwamba, n'kuziyandamitsa padziwe anthu akuona. Anachita manyazi, koma mantha ndiwo anakula.

Anapita pamphambano, navula chipewa pamaso pa Nasoko. "Mayi, ndalakwa. Tiyeni mukandionetse pamene agona."

Nasoko anatseka thumba la makala, naitana anzake. Anatsika onse, Nangozo ali pakati pawo. Atafika, amayi anavula nsapato, ndipo iye ataona anavulanso zake. Anayamba kuyenda pa nthaka ija mwakachetechete, aliyense maso ali pansi. Wina ankaima, n'kubwerera, n'kuimanso pena. Panalibe chitsa, panalibe mwala, ngakhale kanjira kaja kunalibe. Ntchito yake anaigwira bwino kwambiri munthu ameneyu.

Nangozo anazungulira malo onse, kenako anaima pakati. "Ndinkayambira pa malaina wopindika uja, n'kukhotera kumanja," anatero. "Malainayo palibe. Sindikupadziwa."

Sanalire, paja nthayo salira. 

Pamenepo mwamuna wake anapita pa chingwe chake chija, chimene chinali chikadali chokokedwa kuchokera kuno mpaka uko. Anachimasula pazikhomo, natenga chikwanje, nachidula tizidutswatizidutswa. Analowa m'matope mbali ya kumunsi, kumene kunatsala bango ndi mlulu wakale, nayamba kumweta bango n'kumanga mitolo ndi tizingwe tija. Mitoloyo anaigoneka chopingasa potsetsereka ponse, naikhomerera ndi zikhomo zake, kuti madzi akabwera apunthwe. Amayi ankazula mlulu ndi matope ake omwe, n'kumauika mothithikana paliponse. Khasu sanaligwire. Palibe amene akanalimba mtima kutema nthaka imeneyo, posadziwa chimene chili pansi pake. Ankafukula ndi zala, pang'ono pokha, ngati munthu wofunda mwana wogona.

Anagwira mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'mawa mwake anayambanso. Masana kumwamba kunada bii, nantchengwa analira kamodzi n'kuuluka, ndipo mvula inagwa. Ngalande zinabangula. Madzi ofiira anatsika ndi mphamvu, napunthwa pamtolo woyamba, napunthwa pa wotsatira, nalowa mu mlulu, natsikira m'dziwe atatopa. Anthu aja anaima pamwamba akunyowa mpaka mvula inakata.

Kutacha anabwereranso. Dziwe linali lodzaza, ndipo pamadzi sipanayandame kanthu. Nthaka inagwira. Koma pakati pa mitolo ya bango panaoneka chinthu chimene dzulo kunalibe. Nthaka imene inakumbidwapo kale imatitimira ikanyowa. Ponseponse panali timaenje tosaya, kukula kwake ngati lichero, kalikonse kali ndi madzi ake odekha oyang'ana kumwamba. Sitinali pamzere. Ndipo tinali tochuluka kuposa mitengo imene iye anatema, tochuluka kuposa mmene Nasoko yemwe ankaganizira. Ena mwa anawo amayi awo anasamuka kalekale, ena anamwalira, ndipo mitengo yawo inali itauma asanabwere a Chingwe. Mvula inawaonetsa onse.

Munthu uja anayenda pakati pa timaenje tija mosamala, akusankha popondera. Anafika pamene panaima mkazi wake, nafunsa funso limene anayenera kufunsa zaka zija ali pakhonde.

"Amayi, wathu ndi uti?"

Nangozo anayang'ana kadzenje ka kumanja, nayang'ana ka kumanzere, ndi kena kapatsogolo. "Sindikudziwa, abambo. Muzithirira onse."

Mbande za katope zija anazibzala tsiku lomwelo, mtengo umodzi pambali pa kadzenje kalikonse, ndipo zitatha anakapempha zina. Mkulu wa kuofesi atabwera kudzaona anadabwa kuti a Chingwe abzala mitengo yopanda mzere, koma ataona madzi akutuluka m'dziwe oyera sanafunse zambiri.

Lero dziwe limenelo lili ndi moyo. Bango ndi mlulu zazungulira madzi, katope wachita mthunzi, akakowa amatera. Munthu uja anapuma ntchito, koma chilimwe chikafika mumupeza kumeneko ndi ndowa, wopanda nsapato, akuyenda mtengo ndi mtengo osadumpha ngakhale umodzi, chifukwa umene angadumphewo mwina ndi wake. Mphanda ija ikadali kuseri kwa nyumba yake, ndipo sinakwezepo chovala cha munthu. Achule nawonso anabwerera. Mvula ikakata masana, pali ena kumtunda kuja amene amalira ndi timawu tating'ono, todukizadukiza. Ndi achule, ndatero. Koma iye akawamva amaika ndowa pansi n'kuvula chipewa.

Tsono inu amene mwapatsidwa malo oti mukonze, kaya ndi ntchito yatsopano, kaya ndi nyumba yanu yomwe, ndimvereni. Zoyenera kuzula zilipo ndithu, ndipo muzizule. Koma m'tchire limene mwalipezalo muli zina zimene munthu anabzala ndi misozi, ndipo sizikhala pamzere wanu. Safunsa anadya phula. Uyu sanafunse, ndipo mpaka lero sadziwa pamene pagona mwana wake. Kwanu kuli munthu amene anakuuzanipo kamodzi, motsitsa mawu, kuti apo pasiyeni, inu n'kuseka. Pitani mukamufunse chifukwa chake chikwanje chisanatsike.