Poto wa Mlendo Wachiyuda

Swala ya Lachisanu itangotha, Ridha anafika pakhonde la mzikiti pomwe Shehe Tijani, Mulungu awachitire chifundo, ankadzisokera okha nsapato yawo yoduka. Kunali ku Houmt Souk, mzinda wa pa chilumba cha Djerba, komwe Asilamu ndi Ayuda amagula nsomba pamsika umodzi. Ridhayu anali ndi nyumba yogona alendo, ndipo pa nkhani yophika sankadikira kuti wina amuyamikire, ankayamba yekha. Koma tsikuli anapereka salamu nkhope ili ndwii.

"Shehe, ndanyozedwa m'nyumba mwanga momwe. Kwanga kukugona Myuda wina wokalamba, a Elazar, ndi mayi akunyumba kwawo. Adzera sunagoge wakale wa Ayuda wa pachilumba pano. Ndinawazingira nkhosa ndi dzanja langali, dzina la Mulungu ndinatchula, nyama ndinaiphika ndi batala weniweni. Iwo angothokoza, osalawa n'komwe. Akuti si kosha: wozinga ayenera kukhala wa kwawo, komanso nyama ndi za mkaka sizikumana m'mbale imodzi. Ndiye ali ndi kapoto kawokawo, amaphikamo nsomba ndi mazira. Kodi ine ndine wodetsedwa? Lero lomwe ndikuwatulutsa."

Ridha ankadziwa bwino kuti dzuwa likalowa Sabata yayamba, Myuda sanyamula katundu pamsewu, ndiponso kuti nyumba za alendo mumzindamo zinali zodzaza. Mkwiyo wake unkafuna zomwezo.

Shehe anaika pansi singano. "Pepani kwambiri, a Ridha, nkhosa si chinthu chaching'ono. Ndifunseko pang'ono, poti ine sindidziwa zambiri. Akamapita ku sunagoge, kapotoko amakasiya kuti?"

"M'khitchini mwanga, pashelefu."

"Chakudya chili momwemo?"

"Nthawi zina."

"Akabwerako amatani?"

"Amandifunsa ngati wina wakagwiritsa ntchito kapena kuthiramo kanthu. Ndimati ayi."

"Kenako?"

"Amadya."

Shehe anatolanso singano yawo. Anali munthu amene sankathamangira kugonjetsa mnzake, ndipo n'chifukwa chake anthu odzikuza sankaopa kubwereranso kwa iwo. Ambirife timadziwa za chipembedzo cha anzathu kuti tipeze powaseka. Shehe ankachidziwa ngati mmene munthu amadziwira pomwe woyandikana naye akumva kuwawa.

"Ine ndinakulira pafupi ndi Ayuda," anatero. "Ambiri a iwo akakhala paulendo, akamasiya chakudya kwa munthu amene si wa chipembedzo chawo, amamanga chivindikiro ndi chingwe n'kuikapo chizindikiro, kuti akabwera adziwe ngati pafika dzanja. A Elazar amamanga ndi chingwe chotani?"

Ridha anakumbukira shelefu ija. Anakaona kapoto kaja m'maganizo mwake, kakuda kunsi, chivindikiro chongokhazika, pambali penipeni pa chitini chake cha batala. Manyazi anamugwira.

"Samanga, Shehe."

"Ndiye tamverani, mbale wanga. Munthu ameneyu amaopa Mulungu mpaka kukana nkhosa yonona ali ndi njala. Nkhosayo sanaikane chifukwa cha inu, waikana chifukwa cha lamulo limene inu simunaike ndipo iye sangalichotse. Koma pomwe lamulo lamusiyira mpata woti asankhe yekha, wasankha inu. Mukanatha kuthira batala m'potomo iye osadziwa mpaka imfa yake. Tsiku lililonse amakusungitsani chipembedzo chake pashelefu, n'kudya chifukwa choti Msilamu wanena kuti ayi. Ine ndakalamba mumzikiti muno, sindinapatsidwepo ulemu wotero. Fulumirani dzuwa lisanalowe, mukawafunse nyale zomwe akufuna zikhale zoyaka, chifukwa Sabata ikayamba sadzazikhudzanso."