Kachisoti ka Ukwati wa Shalom

Mayi Esitere Chunga ankaphunzitsa pasukulu ina ku Chulu m'boma la Kasungu, ndipo nyumba yawo inali kumapeto kwa mzere, moyang'anana ndi zigafa za fodya. Amuna awo atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo, Shalom, anatengedwa ndi azakhali ake n'kukakulira ku Lilongwe. Foni inkalira mwa apo ndi apo. Pofuna kuthawa zii wa m'nyumbamo, mayiwa akaweruka ankapanga ndolo ndi zibangili, n'kumamatapo timiyala tonyezimira topangidwa kufakitale, tating'ono ngati njere za mawere.

Luso anali nalo, koma timiyalato ankawapezera ndi Jenala, telala wa pa boma, amene ankadziwa ogulitsa okhulupirika. Iye akalandira paketi ankatenga kamwala kamodzi n'kukagogoda padzino. Kagalasi kamazizira ndipo kamalira, pomwe kapulasitiki kamangoti phwii. Ubwenziwo unatha tsiku limene Jenala ananena pamaso pa amayi a Mvano kuti ndolo ina ya Mayi Chunga yapendama. Mayi Chunga mawu sankawataya, ankawasunga ngati mbewu.

Kenako Shalom anaimba foni.

"Amayi, ukwati wanga uli mu Ogasiti. Zonse akuyendetsa ndi azakhali, koma kachisoti ka kumutu ndikufuna kachokere m'manja mwanu."

Mayiwo analira ndi chimwemwe. Mwana amene sanamuluke tsitsi chiyambire ali wamng'ono anali atawapatsa mutu wake.

Kupita kwa Jenala anakuona ngati kugonja. M'malo mwake anapeza wogulitsa wina pafoni, wa zithunzi zothobwa m'maso, ndipo paketi inafika pa minibasi. Atapita kukailandira kudepoti anakumana ndi Jenala yemweyo.

"Aphunzitsi, ndamva za ukwati. Timiyala mwagula kuti? Tabweretsani ndikaone kamodzi, ndikuuzeninso guluu woyenera."

"Maso ndili nawo anga, mayi."

"Maso amanamizidwa, aphunzitsi."

Mayi Chunga anangokwera kabaza osacheuka.

Masabata otsatirawo anali okoma kuposa onse amene anakhala ku Chulu. Ankakhala pakhonde ndi kopanira timiyala kawo, kuyala timiyala pakachisoti, kuchotsa, kuyalanso, kwinaku akuyankhula okha ngati Shalom wakhala pambali. Atakhutira ndi kayalidwe kake, anamata tonse ndi guluu wamphamvu uja womatira nsapato, kuti pasagwe ngakhale kamodzi povina. Poopa fumbi la Kasungu, anatsekera kachisotiko m'chitini guluu asanaumitse. Ankafuna kuti woyamba kutsegula akhale mwana wawo.

Ku Lilongwe, ukwati uli mawa lake, Shalom anatsegula chitinicho anzake atamuzungulira. Timiyala tonse tinali titachita nkhungu, toyera mbuu ngati maso a nsomba youma. Tinali tapulasitiki, ndipo guluu uja anali atatiwotcha. Mayi Chunga anapukuta ndi nsonga ya chitenje, kupukutanso, koma ayi ndithu.

"Musadandaule, amayi," anatero Shalom mofatsa, uku akutseka chitinicho. "Azakhali anabwerekeratu chisoti china. Anati mwina simukwanitsa."

Kukanakhala bwino Shalom akanakalipa. Kutchalitchi mayiwo anakhala pampando wa makolo ngati mlendo woitanidwa mwaulemu, akuyang'ana chisoti chobwereka chikunyezimira pamutu pa mwana wawo.

Atabwerera ku Chulu anapeza zigafa zili mbee, fodya atapita kumsika, mphepo ikungodutsamo. Anakhala pakhonde, natenga kamwala kamodzi mwa totsala m'paketi, n'kukagogoda padzino. Kanangoti phwii. Yankho linali m'kamwa mwawo momwemo, ndipo wowauza, Jenala, anali atadzipereka yekha padepoti paja. Koma mwana sakwatiwa kawiri kuti mayi ake akonze cholakwa. Paja akulu anati, safunsa anadya phula.