Fayilo ya Injiniya

Pa koleji ina ya anamwino panali kachipinda kumapeto kwa khonde, ka matebulo awiri ndi fani yolira ngati chigayo. Mmenemo munkakhala bambo wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, amene ankafuna kuti aliyense azimutcha Injiniya. Ukamufunsa kanthu ankayamba wapukuta magalasi, kenako n'kukuyankha ngati wamudzutsa kutulo. Tebulo linalo linali la mayi wofatsa amene onse ankangowatcha Achemwali. Iwo anali atagwira ntchito yomweyo zaka khumi ndi ziwiri osadziimbira ng'oma.

Chaka chimenecho bungwe la mayeso linaleka kulandira mapepala. Linalamula kuti mayina a olemba mayeso omaliza atumizidwe pa intaneti mu fayilo ya XML isanakwane folo koloko Lachisanu, ndipo wotsalira adikire chaka chamawa. Ophunzira anali 186. Mmodzi mwa iwo anali mlamu wake wa Injiniya, mng'ono wa mkazi wake, amene ankakhala pakhomo pawo pomwepo ndipo anali atawerenga mpaka maso kufiira.

Ntchitoyo sinali yotulutsa munthu thukuta. Mayina onse anali kale mu databesi, nkhokwe ya pakompyuta ija. Fulemuweki, maziko okonzedwa kale amene anamangirapo pulogalamu ya kolejiyo, inali ndi chida chake chotapa mayinawo n'kuwalongedza mu XML. Koma XML sinyengerera munthu. Chilichonse, kaya dzina kaya tsiku lobadwa, chimakhala pakati pa chizindikiro chotsegula ndi chotseka, ndipo ukaiwala kutseka pamalo amodzi okha, fayilo yonse imakanidwa.

"Tingogwiritsa ntchito chida cha fulemuweki," anatero Achemwali Lolemba m'mawa. "Mizere isanu, tathana nazo."

"Zimenezo ndi za anthu ophunzirira ntchito pa foni," anayankha Injiniya. "Ine ndilemba ndekha, pamanja."

Analembadi, masiku atatu athunthu, kumata chizindikiro ku dzina, dzina ku chizindikiro, akuimba kamluzu kuti odutsa pakhonde adziwe kuti mkatimu muli ntchito. Poyesa pulogalamu yakeyo sanatenge ophunzira enieni. Anapeka ake asanu, aliyense ndi mayina awiri, foni, ndi womuyang'anira wa foni yakenso. Ana opekawo anamumvera bwino, monga amachitira ana opeka.

Lachinayi Achemwali anatsegula zimene mnzawoyo analemba, n'kuona msanga pamene panali vuto.

"Abambo, nanga wophunzira amene alibe womuyang'anira? Pulogalamu yanuyi ikapeza popanda kanthu ikulumpha, osatseka chizindikiro. Oterowo alipo ambiri."

"Ndikudziwa."

"Bungwe lapereka tsamba loyeserapo fayilo. Tiyese lero."

"Ndikudziwanso zimenezo, Achemwali. Amene anakutumani kusuzumira mumphika mwanga ndani?"

Masana omwewo Injiniya anasintha pasiwedi yolowera mu pulogalamuyo, kuti wina asamuphunzitsenso ntchito.

Lachisanu fayilo inali yokonzeka kuyambira m'mawa, koma Injiniya sanaitumize. Ankadikira mkulu wa koleji atuluke mumsonkhano, chifukwa mbuzi ikabereka pagulu ndiye mwini wake amatchuka. Mkuluyo analowa m'kachipindamo kutatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu. Injiniya anakonza tayi, n'kudina batani ndi chala chimodzi.

Pa kompyuta panatuluka mawu ofiira. Fayilo yakanidwa, cholakwika chili pa mzere woyamba.

Anaitsegula kuti aone mzere woyambawo. Apa m'pamene nkhope inamugwa. Pomatamata paja sanaike podulira mizere, choncho ophunzira onse 186 anali pa mzere umodzi, wautali ngati chingwe choyanikira zovala. Cholakwikacho chinali penapake pamenepo.

"Ndipatseni pasiwedi," anatero Achemwali motsitsa mawu. "Mphindi khumi zindikwanira."

Injiniya anayang'ana mkulu wa koleji amene anaima kumbuyo kwake atapinda manja. Kupereka pasiwedi pamaso pa bwana kunamulemera kuposa tsogolo la ana a eni.

"Dikirani, ndapaona."

Anatseka chizindikiro chimodzi pamanja n'kutumizanso. Zofiira. Anapeza china, n'kutumiza. Zofiira. Thukuta linanyowetsa kolala, fani ikungolira. Malo osatseka anali makumi atatu ndi mphambu zingapo, ndipo iye ankawatola limodzilimodzi ngati nsabwe.

"Apatseni mayiwa pasiwediyo," anatero mkulu wa koleji. Kunali kutatsala mphindi zinayi.

Injiniya anailemba pakapepala. Achemwali analemba mizere yawo isanu ija, fulemuweki n'kutulutsa fayilo yoyera bwino, chizindikiro chilichonse chotsekedwa. Pamene ankaitumiza, tsamba la bungwe linali litatseka mphindi imodzi yapitayo. Mkulu wa koleji anaimba foni kubungweko, n'kuchonderera mpaka mawu kusasa. Anamuyankha mwaulemu kuti makoleji ena onse anatumiza pa nthawi yake.

Injiniya anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Anapeza mlamu wake pabalaza akusita yunifolomu yoyera, mabuku ali mbwee pampando.

"Alamu, mwatumiza? Dzina langa mwalilemba bwinobwino?"

Injiniya anakanda m'mutu. "Makina a bungwe ali ndi vuto."

Mkazi wake anatuluka kukhitchini foni ili m'manja. Uthenga wa koleji unali utafika kale kwa makolo ndi oyang'anira ophunzira onse.

"Makina a bungwe?" anafunsa mkaziyo. "Ndiye makina amenewo adana ndi koleji yanu yokha? Muuzeni mwanayu zoona, bambo. Muuzeni kuti adikire chaka."

Mtsikanayo anazimitsa simbi, n'kupinda yunifolomu ija pang'onopang'ono, osalira, osayang'ana munthu.

Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.