Maliro Amene Anathawa Linthumbu

Tandiphereni ichi, inu ophunzira: n'chiyani chimadzutsa wakufa, nayenda, nalankhula, koma manda ake osang'aluka? Mwalephera? Ndi kanema. Funsani mayi Everlyn a ku Mitundu.

Zaka zapitazo Gilibati, wojambula maukwati, anabwereka kamera kuti apange filimu yake. Iye yemwe anasewera maliro, atagona chagada kuseri kwa chigafa, anamfedwa abodza akulira ngati zenizeni. Ndiye kunatulukira bambo Isake, amuna awo a mayi Everlyn, akukankha njinga ya makala kuchokera ku Dzalanyama. Za kamera sanazidziwe.

"Iwe Gilibati, wagona pa linthumbu! Dzuka!"

Maliro anadzambatuka, navula buluku ali pa liwiro. Bambo Isake anaseka mpaka njinga kugwa. Podulira filimu panalibe masiku amenewo, choncho zonsezo zinalowa m'chimbale.

Bambo Isake atamwalira, chithunzi sanasiye. Chinatsala ndi kamphindi kameneko. Mayi Everlyn ankakwera minibasi mpaka ku Nathenje, kwa Madalo woonetsa mavidiyo, kungokamva kuseka kwa amuna awo.

Gilibati atagula laputopu, mapewa anakwera. Anadula njinga, makala, linthumbu, bambo Isake omwe. Anathira nyimbo zachisoni, nayenda khomo ndi khomo kusinthitsa zimbale zakale ndi zatsopano. Zakalezo anazitentha.

"Mwanangu, undisiyireko amuna anga," anatero mayi Everlyn.

"Mayi, filimu ndi yanga. Zija zinali zinyalala. Tsabola wakale sawawa."

"Chabwino. Changa chinadyedwa ndi makoswe."

Makoswe odya chimbale munawaonapo? Chinali phee m'chikwama cha Mvano, pakati pa buku la nyimbo.

Loweruka masana kwa Madalo kunadzaza, anthu kudzaona filimu yokonzedwayo. Maliro anagona bwinobwino, osagwedezeka. Anthu anadikira njinga, njinga osabwera. Wina anayasamula. Wina anafunsa ngati magetsi athima kapena filimu ndi yomweyo.

Gilibati anaimirira kutsogolo, jekete ili pamapewa, dzuwa likuswa mtengo.

"Mwaona luso? Ine tsiku limenelo ndinagona ola lathunthu osaphethira. Ngakhale njoka ikanandikwera, sindikanasuntha chala."

Mayi Everlyn anatsegula chikwama pang'onopang'ono ngati akufuna chopereka.

"Madalo, mwana wa mchemwali wanga, tandiikira nyimbo za kwaya izi. Mtima wandilemera."

Madalo anaika. Chigafa chija, anamfedwa aja, kenako belu la njinga, ngiri ngiri!

"Iwe Gilibati, wagona pa linthumbu!"

Nyumba inaphulika. Maliro uyo, buluku m'manja, kabudula wamkati wobooka kumbuyo, fumbi kobo! Amayi anagwirana mapewa, abambo kumenya mabenchi.

"A Gilibati, ola lathunthu lija ndi limeneli?"

"Bwezera, Madalo! Tione chala chosasunthacho!"

Anabwezera kanayi. Mayi Everlyn okha sanayang'ane buluku. Maso awo anali pa mkulu wa njingayo, atagwira mimba, mano awiri akusowa kutsogolo, akuseka monga ankasekera pakhonde. Anapukuta m'maso ndi chitenje, nawonso akuseka.

Gilibati anafuna khomo, koma khomo linali lodzaza anthu. Anakhala pansi, navula jekete.

"Mayi, paja munati makoswe..."

"Analavula, mwanangu. Akuti tsabola wake akadawawabe."

Pamene bambo Isake anagwetsa njinga kachinayi, Gilibati naye anaseka, mutu uli m'manja.

"Mundibwereke ndikopeko, mayi. Ndilibe ngakhale chimodzi."

"Ubwere nayo kwathu laputopu yakoyo. Ukopere pakhonde, ine ndili pambali, machesi nditabisa."

Lero kwa Madalo zimbale zilipo ziwiri. Chatsopano chagwira fumbi, chakale chikuchita kutentha. Filimu imene inamudziwitsa Gilibati kwa anthu ndi yomwe ija ya kabudula wobooka. Paja akulu anati, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.