Tchizi wa Alendo

Panali munthu wina amene ankadziwa kulandira alendo. Nkhuku yonona inali ya alendo. Shuga anali wa alendo. Pabalaza panali kabati ya magalasi, ndipo mbale zamaluwa za m'menemo ankangoziona ana mpaka kukula osadyerapo. Kiyi wa kabatiyo ankagona m'thumba mwa bamboyo. Sanali munthu woipa ayi. Ankangokonda kumva anthu akunena kuti, "Pakhomo paja ndiye pali ulemu."

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja mkazi wake anaterereka pochokera kumjigo, nathyoka mwendo. Kuchipatala anamuika chikhakha. Anamuuzanso kuti azidya zakudya zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa, apo ayi fupalo lichedwa kugwirana. Koma mayiyo mkaka wosaphika ngakhale wowiritsa unkamutsegula m'mimba. Anayamba kuwonda, ndipo ankaopa kuti mwina sadzagwiranso khasu.

Mwana wawo wamkazi, Tiyanjane, ankagwira ntchito pafamu ya ng'ombe zamkaka. Atamva za ngoziyo anabwera ndi timaphukusi tiwiri. M'kamodzi munali tchizi, chakudya chopangidwa kuchokera ku mkaka, woyera, wofewa ngati phala lolimba. M'kena munali tchizi wachikasu, wouma gwa.

"Ababa," anatero, "woferayu ali ndi mchere wochepa, ndipo amamanga thupi. Koma sadikira. Amayi adye lero ndi mawa. Woumayu amasungika, amalimbitsa mafupa, ndipo kawirikawiri savuta m'mimba ngati mkaka. Muziwadulira pang'onopang'ono, chifukwa ali ndi mchere ndi mafuta."

Bamboyo anagwedeza mutu ngati wamva. Mwanayo atangokwera basi, iye ananunkhiza timaphukusi tija, maso n'kuwala. Chakudya cha m'mahotela choterechi, n'kungodya wamba pakhomo? Anachiika m'mbale yamaluwa, natsekera m'kabati.

"Bambo a Tiyanjane, si zanga kodi zimenezo?" anafunsa mkaziyo ali pamphasa.

"Dikirani, amayi. Abusa anati abwera kudzakuonani. Mlendo ndi mame. Inu ndi ine tilipo, tidzadya."

Abusa sanabwere, mlatho unali utakokoloka. Alamu amene ankayembekezeka nawonso sanabwere. Tchizi uja anangokhala m'galasi ngati chithunzi cha ukwati, mayi n'kumamuyang'ana uku akudya phala lopanda kanthu. Zinamupweteka, sindikubisirani. Njala yake inali yochepa, koma chomwe chinamulasa mtima ndi kuona kuti pakhomo pomwe anakhala akuphika ndi kupakula zaka zonsezo, iye sanali woyenera mbale yamaluwa.

Mayiyu sanali wolongolola. M'mawa wina, mwamuna wake ali kumvetsera wailesi pabalaza, iye anasamba, navala chitenje chake cha kutchalitchi ndi duku. Anatenga ndodo, natulukira khomo lakuseri. Anazungulira nyumba akutsimphina, mpaka anafika pakhomo lakumaso.

"Odi kuno!"

Bamboyo anadzambatuka, kukonza kolala, kupukuta mpando. "Lowani, lowani!" Potsegula chitseko anapeza kuti ndi mkazi wake yemwe.

"Ndine mlendo," anatero mayiyo mwaulemu wonse. "Ndachokera kuseri kwa nyumba ino. Ndamva kuti pakhomo pano alendo amadya bwino."

Analowa, nakhala pampando wa alendo, nayala chitenje bwinobwino pamwamba pa chikhakha. Anafunsanso za moyo monga achitira alendo: "Kaya muli bwanji kuno? Nanga mayi akunyumba akupeza bwanji?"

Funso limenelo ndi lomwe linamumaliza bamboyo. Anafuna kuseka, koma manyazi anamugwira. Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi. Atangotsegula kabati, fungo linatuluka loti ngakhale galu wapakhomo anasamuka pakhonde. Tchizi wofewa uja anali atachita chuku, wamera ndevu zobiriwira. Analibenso ntchito. Koma wouma uja analipo ndithu, m'pepala mwake, osasintha.

Bamboyo anakataya woolayo kudzenje, natsuka mbale yamaluwa ndi manja ake. Anatenga madzi, nagwada, nasambitsa mlendo wake m'manja. Kenako anadula kachidutswa ka tchizi wouma, naika pambali pa mbatata yootcha.

"Pepani, amayi," anatero. "Wofewa uja ndakuonongerani."

Mayiyo analawa, natafuna mosafulumira. "Zikomo. Koma mlendo ameneyu sachoka msanga. Abweranso mawa."

Anaseka onse awiri mpaka misozi. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kuyambira tsiku limenelo kiyi anakhala pakabati pomwepo. Tiyanjane atabweranso ndi wofewa wina, sanagone m'galasi: mayi anadya tsiku lomwelo ndi tomato ndi masamba, bambo akuwasunthira mbale. Chikhakha chitachoka, mayiyo anabwerera kumunda, ndipo ankati akatopa n'kufika pakhomo, amakuwa dala kuti, "Odi kuno!"

Tsono abale anga, musaseke kwambiri, chifukwa kabati imeneyi ili m'nyumba zathu zambiri. Zabwino zina zili ngati tchizi wouma: mukhoza kusungira mawa, muzipezabe. Koma mawu okoma, "zikomo," "pepani," kukhala pansi n'kufunsa mnzako mmene wagonera, zimenezi ndi tchizi wofewa. Mukati muzisungire tsiku lalikulu, mudzazipeza zitachita chuku. Landirani alendo, inde, ndi khalidwe lathu. Koma mukafika kunyumba lero, muyang'ane amene wakhala pamphasa. Musadikire kuti achite kuzungulira nyumba ndi ndodo kuti adzagogode pakhomo pake pomwe.